Misomali iwiri pathabwa

Ndiulule ndikadali ndi mpweya: ine ndinakhulupirirapo kuti kabodi ka zamagetsi kobiriwira, kosaposa chikhatho changa, kamadziwa munthu wonama. Musati ndinali mwana. Imvi zinali zitayamba, zidzukulu zilipo ziwiri.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma manja anga anapitiriza okha. Ntchito yanga inali yosonkhezera nkhuni za bulugamu pafakitale ya tiyi, ndipo ndikaweruka ndinkadzera kudzala la kuseri kwa wekishopu kukatola zimene amisiri ataya: mawaya, timababu, mabodi a mawailesi ndi a makina a muofesi. Chowotcherera changa chinali msomali waukulu woika pambaula. Loweruka mayi a kunyumba akapita kutchalitchi, poti iwo ndi a Sabata, ine mapemphero anga ndinkachitira pakhonde ndi batire ya njinga yamoto. Zambiri zimene ndinkalumikiza zinkangofuka utsi. Zina zinkaphethira kamodzi n'kutsanzika.

Kabodi kameneka ndinakatola chaka chimene mafoni a m'manja anayamba kutuluka m'matumba a makalaliki. Kanali ndi mawaya awiri olendewera. Ndinawamangirira kumisomali iwiri yokhomedwa moyandikana pathabwa, n'kuwonjezera sipika ya wailesi yakufa. Ndikagwira misomaliyo, zii. Ndinakasiya pakhonde ngati kolephera.

Tsiku lina kunabwera alamu anga, atakwera chitunda chonse chochokera kumtsinje. Achemwali awo, mayi a kunyumba aja, anawafunsa ngati adzera kukachasu. Anakana mpaka kutchula manda a amayi awo, uku akutsamira dzanja pathabwa lija. Kabodi kanalira ngati mwana wa nkhumba. Alamu anadumpha n'kuvomera kuti analawako pang'ono chabe.

Sabata isanathe, malaini onse a nyumba za ogwira ntchito anali atamva. Azimayi ankabwera atagwira amuna awo pamkono. Ena kankawalirira, ena ayi, ndipo amene kawalirira ankaulula kenakake, poti munthu aliyense ukamufinya salephera kudontha. Banja limodzi linathera pakhonde langa lomwelo. Anthu anayamba kunditchula kuti injiniya, ine n'kumavala jekete ngakhale kukutentha.

Ndiye kunasowa njinga ya kapitawo wa othyola tiyi. Linali Lamulungu masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Ndinamva phokoso likukwera chitunda, kenaka gulu linatulukira likukoka munthu ndi lamba wa buluku lake lomwe. Anali wodula nkhuni wina wochokera ku Chimaliro, wobwera kumene, wachibwibwi. Wina akuti anamuona chakufupi ndi nyumba ya kapitawo m'mawa. Akati adziyankhire, mawu ankakakamira pakhosi, anthu n'kumati onani, bodza lamutsamwa.

“Madala, tulutsani makina aja,” anatero kapitawo.

Ndinakavala kaye jekete. Zimenezi ndiye zimandiwawa mpaka lero.

Munthu uja anayang'ana thabwa, n'kuyang'ana ine, ndipo anaika chala yekha, mosakakamizidwa, ngati wapeza mboni yake. Kabodi kanalira. Kasanasiye n'komwe, chigwiriro cha mpeni wodulira tiyi chinamupeza pamwamba pa diso, khungu n'kung'ambika ngati nsalu yakale. Anagwa chagada. Kenaka zinali nsapato za jombo, zibakera, chikuni cha pambaula yanga chikadali ndi moto. Mayi wina amene ndinkamudziwa ngati woimba kwaya ankamumenya ndi mwala m'mawondo, modekha, ngati akuswa mtedza. Munthuyo sankakuwa. Ankangoyesa kumaliza liwu limodzi lomwe lija. Kumbuyo wina anati athamangire petulo kwa dalaivala wa thirakitala.

Ine ndinangoima, thabwa lili m'manja. Sindinamenye nawo, koma musandiyamikire, ndinkateteza makina anga kuti angapondedwe.

Anakwawa mpaka pamapazi panga n'kundigwira mwendo. Nditawerama kuti ndimuchotse, anatsokomola, magazi n'kuwazikira pathabwa, pakati penipeni pa misomali. Kabodi kanalira popanda wokagwira. Ndinapukuta ndi mkono wa jekete, kanasiya. Ndinalavulirapo malovu, kanaliranso.

Apo ndinazindikira. Kanthu kaja sikankamva bodza, kankamva kunyowa. Alamu anga anali ndi thukuta la chitunda. Amuna okokedwa ndi akazi awo anali ndi thukuta la mantha. Uyu amukoka padzuwa kuchokera kumtsinje. Zala zanga zouma ngati chikuni, zopsa ndi moto wa fakitale, n'zimene zinkandichititsa kuoneka woyera mtima. Patapita nthawi mmisiri wina anandiuza kuti kanachokera m'makina oyezera chinyezi cha tiyi.

Ndinakuwa kuti asiye, koma mawu anga anamira. Ndinanyamula ndowa ya madzi imene inali pakhomo n'kumukhuthulira kapitawo kumsana. Apo ndiye anatembenuka onse. Ndinaviika chala m'madzi otsala, n'kudonthezera pamisomali, kabodi n'kulira pamaso pawo.

“Madzi awanso aba njinga?” ndinafunsa.

Ndinamva munthu uja akupuma ngati fumbi lalowa m'chitoliro. Woyamba kusuntha anali bambo uja banja lake linathera pakhonde langa. Anandilanda thabwa n'kulithyolera pakhutu langa lamanzere, ndipo khutu limenelo linatseka ofesi tsiku lomwelo mpaka pano. Ena anatsatira, onse amene kabodi kanawachititsapo manyazi, ndipo anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Alamu anga omwe anaponyapo phazi limodzi, ngakhale amakana. Nthiti ziwiri zinathyoka, ndinazimva ngati nthambi zouma. Ndili pansipo ndinaona azimayi awiri akumukokera wodula nkhuni uja kumsewu, ndipo ndinadzipinda bwino kuti anthu asatope nane msanga.

Wopita kukatenga petulo anabwera ndi thirakitala yonse, ndipo ndi yomweyo inamunyamula munthu uja kupita naye kuchipatala cha mishoni. Anapulumuka, koma diso lija silinabwerere, ndipo mwendo umodzi ankaukoka. Njinga sinapezeke. Ngati anaba ndi iye kapena ayi, sindikudziwa, ndipo panalibe amene ankadziwa tsiku limenelo.

Mayi a kunyumba anali kumaliro ku Nsabwe, anafika kutada n'kundipeza pamphasa. Anali atamva zonse m'njira. Anatenthetsa madzi, anathiramo mchere wambiri kuposa wofunika, n'kuyamba kundithowa nthiti. Ine ndinkabuula ndithu, mwina mowonjezera pang'ono, kuti andimvere chisoni. Anafinya nsalu, n'kuikanikiza pomwe pankapweteka kwambiri.

“Buulani motsitsa, bambo,” anatero. “Anthu angamayese kuti olakwiridwa ndinu.”