Munalemba dzina langa ndi dzanja lamanzere

Bambo, lero pakwana zaka zitatu chitisiyireni. Ndakumbuka chaka chija sitiroko inakuumitsani dzanja lamanja, kuyankhula n'kumakuvutani. Adokotala ku Mua anatiuza kuti ubongo umatha kuphunziranso ngati munthu saleka kuyeserera. Inu amene munaphunzitsa ana a ku Mtakataka mpaka kupuma ntchito, munayambiranso a, e, i ndi dzanja lamanzere, m'kope la mdzukulu wanu.

Tsiku lina ndikuchokera kumunda wa mpunga ku Bwanje, munandikodola. Munali mutalemba dzina langa, Esinta, zilembo zake zokhotakhota. Ine misozi inayamba kutsika. Inu simunasamale zimenezo. Munandipatsa bolopeni, ndipo movutikira munati, "Chonga." Ndinachonga, bambo, ndipo munakhoza. Usani mumtendere.