Mpando wa Apongozi

Ndatopa nako kuzemba sitolo ya a Namate pa Boma, bola ndingoulula. Nditapita kukagula penti wa mpando wa apongozi anga, mkuluyo anandilangiza mwaulemu: "Tengani wosawalayu, achimwene. Amagwira thabwa, sasupuka msanga."

Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinaona ngati akundiyesa mmphawi. "Mkamwini wanji wopaka zozimirira? Ndipatseni wonyezimira!"

Loweruka ndinapaka mochindikala. Lamulungu m'mawa apongozi anakhalapo atavala zoyera zakutchalitchi, ndipo podzuka mpando unadzuka nawo.

"Anandinamiza a Namate," ndinatero msangamsanga.

Apongozi analumbira kuti sadzagulanso kanthu kwa "wakuba ameneyo". Lero ngakhale msomali umodzi amandituma ku Migowi, ndipo ndimapalasa njinga dzuwa likuswa mtengo, pakamwa nditatseka.