Kamela ya Atate ndi Matumba a Feteleza

Chaka chimene kopaletivu inatseka zitseko, feteleza wa ngongole anatha. Zipani zinali zambili, ogula chimanga analinso ambili, aliyense ndi chikwama chake ndi sikelo yake yonama. Ife a kwa Luembe tinaphunzila msanga kusakhulupilila mlendo womwetulila.

Mitambo itayamba kuda, amai anatulutsa kamela ya malemu atate m'sutukesi. Atate ankagwila ntchito m'sitolo ya Mpwitikizi wina ku Mozambiki, ndipo iye pochoka anawasiyila kamelayo m'malo mwa malipilo. Pothawa nkhondo atate anasiya mbuzi ndi mipando, koma iyo anainyamula. Inali yachitsulo, yolemela, ya maso awili, lina pamwamba pa linzake. Pojambula umaŵelama n'kuyang'ana pamwamba ngati ukusuzumila m'chitsime.

"Pita nayo ku Petauke," anatelo amai. "Usabwele ndi ndalama, ubwele ndi feteleza. Ndipo mtima wakowo uusiye konkuno."

Vuto linali lakuti mtengo wake sindinkaudziwa. Mbuzi ndikaiona ndimadziwa, njinga ndimadziwa. Koma ichi ndikanachiyelekeza ndi chiyani? Sukulu ndinalekela giledi sikisi, ndipo dzina lolembedwa pamphumi pa kamelayo silinali la Chingelezi n'komwe.

Ndinayambila kwa mdala wina wa situdiyo pafupi ndi msika. Anaitembenuza, naiuzila fumbi, naseka.

"Mwaiche, mwana iwe, iyi ndi ya nthawi ya atsamunda. Filimu yake sungaipeze ngakhale ku Chipata. Ilibe batile, ilibe fulashi. Anthu lelo afuna zithunzi za kala. Isiye ndichotsemo tizitsulo, ndikupatse ya basi."

Pakamwa pankanena zimenezo, koma manja ankachita zina. Anapukusa kachogwilila ka pambali, naika kamela pakhutu, nadina. Inalila pang'ono chabe, ngati munthu wathyola kaudzu kouma. Anatsinzina n'kubwelezanso.

Ndinamulanda. "Mdala, chinthu chakufa mumachimvetsela bwanji pakhutu?"

"Ulemu ulibe iwe."

"Ulemu ndili nawo, feteleza ndiye ndilibe."

Ndinaibwezela m'kathumba ka saka n'kupita kukakhala pansi pa mtengo pa siteshoni ya basi. Sipanapite nthawi, panafika bambo wina wa jekete yachikopa, wa ku Lusaka, wogulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale. Ankadziwika kuti amagulanso zakale, monga nyale, mawotchi ndi ndalama zachitsulo zimene zinasiya kugwila ntchito.

"Bambo wamng'ono, ndamva muli ndi kabokosi."

Kamela inali m'saka, saka ili pakati pa miyendo yanga. Anamva kwa yani? Ndinacheuka, ndipo ndinaona mdala wa situdiyo ataima pakhomo pake, akunamizila kuyang'ana mitambo.

Ndinaitulutsa koma lamba ndinalikulunga padzanja langa. Bamboyo anandionetsa nkhungu m'diso lapamwamba, nandionetsa chikopa chomatuka m'kona. Za diso lapansi sananene kanthu, ngakhale analipenya nthawi yaitali ataliloza kudzuwa. Tinambala tating'ono tozungulila disolo anatiŵelenga milomo ikugwedezeka. Ine mbuzi ndagulitsapo. Wogula amatukwana mchila ndi makutu, za ntchafu amakhala chete.

"Yokongoletsela m'nyumba chabe," anatelo. "Thumba limodzi."

"Khumi."

Khumiyo ndinangoiponya kuti ndione nkhope yake. Ndinaganiza kuti akaseka pomwepo, ndiye kuti ndapitilila. Sanaseke pomwepo. Anakweza kaye maso m'mwamba ngati munthu amene akuŵelengela ndalama m'mutu, kenako ndiye anaseka. Kuseka kochedwa kuja kunandiwawa kuposa kutukwanidwa.

"Aŵili, chifukwa ndakukondani."

"Mwandikonda liti? Mwagwilizana ndi uja wa situdiyo. Iye aipha, inu mubwela kudzaiika m'manda motchipa. Muganiza ndife zitsilu chifukwa tichokela kumudzi?"

Mawu anali atakwela. Amai ogulitsa nthochi anatembenuka, ndipo wina anati, "Gulitsa iwe, udzadya kamela?" Anzake anaseka. Bamboyo sanakwiye. Anangoika manja m'matumba.

"Mwina ilipo nyumba ku Lusaka imene ingakupatseni khumiyo. Mwina makumi aŵili. Pitani nayo nokha. Khomo lake mulidziwa?"

Lusaka ndinali ndisanaipondepo. Ndikanatsika basi ndi saka m'manja, n'kufunsa yani? Mphepo inali itayamba kununkha dothi lonyowa, ndipo munda wathu unali wolima kale, ukungodikila. Munthu mmodzi yekha pa Petauke ponse ankadziwa mtengo weniweni wa kamela ya atate, ndipo ndiye ankafuna kuigula.

Tinakangana mpaka tinafika pa matumba anayi. Ndalama zake ndinakana kuzigwila. Ndinamukokela kusitolo, nalipila yekha, ndipo thumba lililonse ndinalimasula pakamwa n'kulowetsa mkono mpaka pachigongono, chifukwa masiku amenewo ena ankasakaniza ndi mchenga. Lamba ndinalimasula padzanja thumba lomaliza litasokedwanso.

Mvula inayamba kuwaza ndikudikila galimoto ya kwathu ku Nyimba. Basi ya ku Lusaka inali ikupakila. Mabelo a salaula a bambo uja anaponyedwa pamwamba popanda chofunda, iye osayang'anako n'komwe. Anavula jekete yake yachikopa, natsala ndi malaya okha mumphepo ija, nakulunga kamela bwinobwino. Anakhala pawindo ataifukata pamiyendo ndi manja aŵili. Ndinafuna kuthamanga kukamenya windolo, koma matumba anga ndikanawasiyila yani? Ndinangowakhalila, mano ali gwa.

Nditafika kumudzi amai anagwila thumba lililonse, nalinunkhiza.

"Anakubela?"

"Anandibela."

"Zambili?"

"Sindidziwa, amai. Ndicho chindiwawa."

Anayang'ana kumunda. Kenako anati, "Ungolowetsa m'nyumba asanyowe. Mawa tidzala."