Makina Osokera a Bambo Anga

Ndikukumbukira fungo la mafuta a makina ndi nsalu zatsopano pakhonde la golosale ina pa Chiponde, pomwe bambo anga ankasokera. Anali telala wa mikanjo ndi mayunifolomu, ndipo makasitomala ena ankachita kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique. Ine ndinayamba kupalasa makinawo miyendo yanga isanatalike n'komwe. Pofika zaka khumi ndi zitatu ndinkalumikiza kolala ndekha.

"Asiyatu, makina awa ndi ako," bambo ankandiuza choncho tikakhala awiri. Koma pamaso pa abale awo sankayerekeza kunena. Kwathu munthu wamoyo akayamba kugawa katundu wake amati akudziitanira imfa.

Imfayo inabwerabe. Anadwala sabata imodzi yokha.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi, anthu atatha kudya mpunga, mkulu wa kuchimuna anaimirira n'kulengeza kuti makina apita kwa Twaibu, mwana wa mlongo wawo wa bambo. Ndiwo mwambo wake, poti ife ana timawerengedwa kuchikazi. Bambo nawonso anawalandira kwa amalume awo. Koma Twaibu anali wakabaza, kulowetsa ulusi pasingano sankadziwa. Mayi anangoweramitsa mutu.

Ine mtima unandiwawa koopsa. M'mawa mwake, asanabwere kudzawanyamula, ndinatsegula kunsi kwa makina, n'kuzula kachitsulo kamene kamakoka ulusi wa pansi, n'kukakaponya m'chimbudzi. Ndinamva kakugwera pansi, ndipo ndisaname, ndinasangalala.

Patapita masiku atatu Twaibu anatulukira, makina ali pakaliyala. Anawatsitsa pakhomo pathu thukuta lili kamukamu.

"Asuweni, ine ndinalandira poopa akuluakulu," anandiuza. "Ntchito iyi ndi yanu. Muzisoka pakhonde pomwe paja, ine ndizikubweretserani makasitomala. Koma kunsi kuno kukuoneka ngati chinachake chasowa."

Ndinayang'ana kumbali n'kunena kuti sindikudziwa.

Makinawo anali akalekale. Twaibu anapalasa njinga mpaka ku Mangochi, anakafunsanso kwa amakaniko a ku Mandimba, tsidya la Mozambique, koma kachitsulo kalikonse komwe ankabwera nako sikankalowa. Pakhonde paja panakhala telala wina, makasitomala a bambo n'kumuzolowera. Chaka chomwecho ndinasiya sukulu, ndinayamba kugulitsa zitumbuwa pa boda. Makina anachita dzimbiri pakona, mayi n'kumasanjikapo mbale.

Kusoka ndinadzayambanso ndili mayi wa ana awiri, pa makina obwereka. Lero ndili ndi anga, ndipo ndinaitanitsa kale abale onse n'kutchula wodzawatenga, ngakhale ena anati ndikudzilodza.

Twaibu anamwalira ndisanamuululire. Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti mwambo ndiwo unapha ntchito ya bambo anga, ndipo ankandimvera chisoni. Tsopano bodza limenelo landitopetsa. Makina anabwerera pakhomo pathu ali pakaliyala. Amene ndinapha ntchito ya bambo ndine, ndi manja omwe iwo anawaphunzitsa kusoka.