Kanjere ka m'bawo ndi foni ya Abiti Saidi

Ndikukumbukira kuti makapasita anga oyamba, tizipangizo tosunga magetsi, ndinawapereka kwa ana kuti azisewerera bawo. Nthawi imeneyo ndinali mnyamata wosiyira sukulu panjira, ndipo ntchito imene ndinadzilemba ndekha inali yophwasula mawailesi akufa kuseri kwa nyumba yathu ku Chileka. Chilichonse chooneka chaulemu ndinkachisunga m'chitini cha mkaka: mawaya, masipika, ndi makapasita aja ooneka ngati timigolo. Koma m'mawailesimo munkakhalanso tina tathyathyathya, tofiirira ngati mphodza, tamiyendo iwiri, tolembedwa 104. Timeneti ndinkationa ngati zinyalala za kufakitale. Mng'ono wanga Chikondi atandipempha, ndinamudzazira dzanja monyadira ngati munthu wogawa chimanga m'chaka cha njala. Iye ndi anzake anatithyola miyendo, n'kumatiseweretsa m'maenje amene anakumba pansi pa mtengo wa mango.

Za magetsi palibe anandiphunzitsa. Bambo anga anali mlonda ku bwalo la ndege, ndipo ankabwera ndi magazini osiyidwa ndi apaulendo. Ndinkawawerenga onse, ngakhale otsatsa mawotchi. Kenaka ndinapeza buku lopanda chikuto pamsewu mu Blantyre, lodzaza ndi zithunzi za mawaya, lonunkha chinyezi. Chizungu chake ndinkachimva theka, theka linalo ndinkadzazamo nzeru zanga, ndipo mavuto anga ambiri ankachokera ku theka lachiwirilo.

Moyandikana nafe munkakhala Abiti Saidi, mayi wachisilamu wogulitsa nsalu ndi zitumbuwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo wamwamuna, Yusufu, anali atapita ku Joni kalekale, ndipo mawu ake anali asanawamvenso. Chaka chimenecho, mafoni am'manja atangoyamba kuoneka kumudzi, Yusufu anatumiza foni kudzera kwa dalaivala wa thiraki. Mayiwo anagula simu khadi, n'kupatsa dalaivala uja nambala, ndipo uthenga unabwera woti Yusufu adzaimba pa tsiku la Idi, akadzachoka kopemphera. Koma ataika khadiyo, foni inakana. Inali yokhomedwa kuti izigwira ndi makhadi a ku Joni okha.

Anthu anawalangiza kuti akaitsegulitse m'tauni, iwo anakanitsitsa. Ankati kumeneko foni imalowa yatsopano n'kutuluka ndi zam'kati zakale. Anaikulunga m'kansalu n'kubwera nayo kwa ine, chifukwa ndinali nditawakonzerapo wailesi. Sindinawauze kuti vuto la wailesiyo linali batire loikidwa chozondoka. Ndinalandira foniyo ndi manja awiri, n'kulonjeza kuti pofika Idi idzalira. Mwezi wosala kudya unali utayamba kale.

Ndinapita m'tauni, pamalo ena olipiritsa intaneti, n'kubwerako ndi pepala la chithunzi cha chingwe cholumikizira foni ku kompyuta, komanso pulogalamu yotsegulira pa disiketi. Nkhani yake inali yotere: kompyuta imalankhula ndi mphamvu yaikulu ya magetsi, foni imalankhula ndi yaing'ono, ndiye pakati pamafunika womasulira. Womasulirayo ndi chipi, kanthu kakuda kamiyendo sikisitini. Chipicho ndinachichotsa pa bolodi la makina akufa limene ndinalipeza kwa ogulitsa zitsulo ku Ndirande. Pachithunzipo panali makapasita asanu. Anayi anali olumikizidwa ku miyendo ya chipi, akuoneka kuti ali pa ntchito. Kachisanu kanajambulidwa pakona ya pepala, pakokha, mwendo wina pa waya wa magetsi, wina pa waya wobwerera. Ndinakayang'ana, n'kugamula kuti amene anajambula anali ndi inki yotsala. Ndinakasiya.

Chowotcherera chamagetsi ndinalibe. Ndinkagwiritsa ntchito msomali waukulu wobaya pa chitsononkho, n'kumautenthetsa pa mbaula ya amayi. Fungo la mtovu wosungunuka ndimalimvabe m'mphuno mpaka lero, losakanizika ndi utsi wa makala ndi fungo la mango oola. Amayi ankadandaula kuti ndikutha makala pophika zinthu zosadyedwa.

Kompyuta inali ku Lirangwe, kwa malume anga a Mponda, mkulu wa mpingo amene atapuma ntchito ya ukalaliki anatsegula kachipinda kotaipiramo mapulogalamu a maukwati. Ndinkapalasa njinga ya bambo m'njira zafumbi, dzuwa la chilimwe likuwotcha pamsana, nyenje zikulira m'mitengo ngati nazonso zili pa magetsi. Malume anandilola kulumikiza chingwe changa kuseri kwa kompyuta, koma anaima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno, n'kundikumbutsa kuti nyimbo zonse za kwaya zili m'menemo.

Kompyuta inaiona foni. Kenaka pagalasi panayamba kutuluka zilembo zosadziwika mtundu, timabokosi ndi timitanda, ndipo posakhalitsa inati foni palibe. Ndinayesanso, zomwezo. Batani lomaliza, lotsegulira, sindinalikhudze, chifukwa pepala lija linachenjeza kuti kulankhulana kukaduka pakati pa ntchitoyo, foni ikhoza kufa osadzukanso. Ndinaibwezera m'kansalu kake n'kupalasa kubwerera.

Madzulo ake Abiti Saidi anandiitana pa mpanda, akudikira nthawi yomasula kusala. Ndinawauza kuti zatsala pang'ono. Anangogwedeza mutu, n'kundipatsa chitumbuwa chimene iwo eni sakanatha kulawa dzuwa lisanalowe.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti chingwe chimenechi chindimvera. Ndinawotchereranso mfundo zonse. Ndinasintha timigolo tonse tinayi. Ndinafupikitsa waya, kenaka n'kuutalikitsanso. Ulendo wa ku Lirangwe ndinaupalasa mpaka amayi ogulitsa tomato m'njira anayamba kundifunsa ngati ndapezako mkazi. Malume analeka kuima kumbuyo kwanga, anangoyamba kupumira m'mwamba ndikamalowa. Zilembo zosokonekera zija zinkandilonjera nthawi zonse, ndipo mwezi kumwamba unali utayamba kuchepa.

Tsiku lina masana ndinakhala pakhonde n'kutsegulanso buku lopanda chikuto lija, pamutu umene ndinkaudumpha chifukwa unalibe zithunzi zambiri. Ndinauwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Unkanena kuti chipi sichimwa magetsi mofatsa ayi. Nthawi iliyonse chikamatumiza kachizindikiro, chimameza mwadzidzidzi, ndipo chipi chomasulirachi n'chomeza kwambiri chifukwa chimadzipangiranso chokha mphamvu yaikulu yolankhulira ndi kompyuta. Magetsi odzera m'waya wautali sangafike msanga chotero, ndiye mphamvu imatsika kwa kamphindi, chipi n'kuyamba kulankhula zopanda mutu. Mankhwala ake, bukulo linati, ndi kakapasita kakang'ono kosunga magetsi, pakati pa waya wa magetsi ndi wobwerera.

Ndili mkati molimbana ndi chizungucho, amayi anakuwa kukhitchini kuti nyemba zikupserera, wina abweretse madzi. Chikondi anathamangira ku mjigo ndi chigubu. Amayi sanamudikire, anatunga ndi chikho mumtsuko wa pakhomo n'kuthira. Chikondi anafika ali wefuwefu, nyemba zitapulumuka kale, ndipo madzi akewo anangodzazira mtsuko uja. Ndinayang'ana mtsukowo, n'kuyang'ana pakona ya pepala langa. Pansi pa kakapasita kachisanu panali nambala yaing'ono imene ndinali ndisanaiwerengepo bwino: 104.

Ndinakhuthula chitini changa chonse. Munalibe ngakhale kamodzi.

Kunali kupita pansi pa mtengo wa mango, ine Fatsani, katswiri wa mudzi wonse, n'kukagwada pakati pa ana osavala nsapato. Chikondi sanandichitire chifundo. "Achimwene, si munati n'zinyalala?" anatero, anzake n'kumaseka. Anakana kuimitsa masewero mpaka nditalonjeza kuwabweretsera nthanga za bwemba zodzaza chipewa. Ndinasefa dothi la m'maenje onse ndi zala. Tinjere tonse tinali topanda miyendo, tosalala ngati mabatani. Pomaliza kamtsikana kena kanatulutsa kamodzi m'thumba la diresi. Kanati kameneka sikankaseweredwa chifukwa kankabaya m'manja. Miyendo yake inali yopindika ndi yadzimbiri, koma inalipo. Ndinaipala ndi lezala mpaka inawala.

Muganiza kuti apa ndiye ndinachenjera. Ayi. Ndinakawotcherera kumapeto kwa chingwe, mbali ya ku kompyuta, chifukwa ndi kumene kunali malo, komanso pachithunzi kanali kutali ndi chipi. Ku Lirangwe zinthu zinasinthako pang'ono: kompyuta inacheza ndi foni kwa kanthawi, n'kuwerenga dzina lake bwinobwino, kenaka timabokosi tija tinabwerera. Malume anandiuza mofatsa kuti Idi ndi mkucha, ndibweze foni ya eni ake akaione a m'tauni. Ndinawapempha kuti andipirire mpaka dzuwa litapendeka.

Ndinatuluka panja n'kukhala pamthunzi wa mlambe, buku pamiyendo. Chiganizo chimene ndinachisiya chinali chomaliza penipeni pa mutu uja: kakapasitako kakhale pafupi ndi miyendo ya chipi mmene kungathekere, ndipo miyendo yakenso ikhale yaifupi. Ndinaseka ndekha. Ndinali nditagula mtsuko n'kukausiya ku mjigo komweko.

Ndinabwereka mbaula kwa akazi a malume. Miyendo iwiri yofunikayo pa chipi inali yoyandikana, kumapeto kwa mzere, mpata wake wosakwana kambewu ka mpunga. Mtovu ukanangodontha n'kuigwirizanitsa, chipi chikanapsa, mwina pamodzi ndi nyimbo za kwaya. Ndinanola nsonga ya msomali pamwala mpaka inasongoka ngati singano. Ndinadula miyendo ya kanjere kaja kutsala tizidutswa, n'kuphimba chipi ndi kansanza konyowa kuti chisatenthe. Thukuta linkalowa m'maso. Ndinagwira mpweya, n'kukhudza kamodzi mwendo uwu, kamodzi mwendo uwo. Poyang'ana padzuwa, pakati pake panali kampata koyera.

Nthawi imeneyi zilembo zinatuluka zoongoka ngati ana a sukulu pamzere. Ndinaiuza kompyuta kuti iwerenge foni mobwerezabwereza, ndinagwedeza chingwe, ndinapempha malume kuti ayatse fani ndi kuizimitsa. Palibe chinasokonekera. Pamenepo ndi pamene ndinadina batani lomaliza lija. Kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Nditaika simu khadi, timizere ta netiweki tinakwera pakona. Malume anavula magalasi, n'kunena kuti iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi.

Pa tsiku la Idi, Abiti Saidi anavala nsalu yatsopano n'kuika foniyo pa mpando pakati pa bwalo, ngati mlendo. Theka la mudzi linapeza zifukwa zodutsira pamenepo. Ine ndinakhala patali. Italira, mayiwo anaigwira ndi manja onse awiri, n'kuyamba kukuwa dzina la mwana wawo mokweza ngati mawuwo ayenda okha mpaka ku Joni. Kenaka anatsitsa mawu, anatembenukira kukhoma, ndipo anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi. Madzulo kwathu kunabwera mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi.

Masiku ano zingwe zimagulidwa zopangidwa kale, ndipo mwana wa pulaimale amaonana ndi wa ku Joni nkhope ndi nkhope popanda kutenthetsa msomali. Ine ndili ndi kabenchi kokonzerapo zinthu, ndi chowotcherera chamagetsi chimene chimagona magetsi akazima. Ndikatsegula foni yamakono ndimationabe timakapasita tija, tsopano tating'ono ngati mchenga, titazungulira chipi chilichonse, pafupi penipeni ndi miyendo. Bawo sungasewerenso nato. Anyamata amene ndimawaphunzitsa amafunanso kutidumpha, ndipo ndimawatuma kaye akaone pamene amayi awo amaika mtsuko.

Mawa lake la Idi ija, Abiti Saidi anandiitana pa mpanda kuti ndiwaonetse chimene chinkavuta. Ndinawabweretsera chingwe, n'kuwalozera kanjere kofiirira kaja, ndi kuwafotokozera kuti kanakana kugwira ntchito kali kutali, mpaka nditakasendeza pafupi. Anakayang'ana nthawi yaitali, foni ili m'dzanja linalo.

"Fatsani mwanawe," anatero, "Yusufu ndamumva, ali bwino, ndipo wanena kuti atumiza bulangete. Koma tsiku limene denga lidzandidonthere, ndidzaitana iwe pa mpanda pano. Ndiye ukamakula, za ku Joni usamazimvere."