Ngayaye Zimene Ndinadula

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu kufupi ndi Bowe, pamene ndinadziyesa mlangizi. Mayi anali ndi mbewu ya chimanga cha makolo yomwe anachoka nayo kwawo ku Ntchisi, koma anankafumbwe anaidya, n'kutsala yongodzaza kapu. Anaibzala kudimba m'chilimwe kuti ichuluke mvula isanagwe, ndipo ntchito yothirira anandipatsa ine.

Chimanga chinakula chobiriwira bwino. Tsono ine ndinali nditaona bambo akudula maluwa a fodya kuti mphamvu ipite kumasamba. Ngayaye zitangotuluka, nzeru zinandidzera: ndikadula izi, chimangachi chibereka chachikulu ngati mkono. Ndinadula zonse, mzere ndi mzere, ndikuyetsemula ndi kafumbi kachikasu, n'kukaponyera mbuzi. Sindinauze munthu, ndinkafuna adzadabwe.

Loweruka mayi atafika kudimbako anaima nji, khasu lili paphewa.

"Ngayaye zapita kuti?"

"Ndadula, mayi, ngati momwe amachitira fodya."

"Iwe, unaona ndani akusuta chimanga?"

Sindinagonje. Ndinathirira m'mawa ndi madzulo mpaka mapewa kutupa. Ndevu za chimanga zinangotalika, osauma, ngati zikudikira mlendo. Pafupi panalibe chimanga cha wina aliyense, matimati ndi mpiru zokhazokha. Tsiku losenda makoko ndinapeza zitsononkho zoyera mbee. Ndinasenda china, n'kusendanso china, mtima ukuwawa, mpaka mzere womaliza. Panalibe njere ndi imodzi yomwe.

"Alangizi akolola," anatero bambo. Mayi sanaseke. Anatumiza uthenga kwawo, koma abale onse anali atasiya kale mbewuyo, akubzala yogula.

Patapita zaka, m'buku long'ambika lomwe ndinabwereka kwa mnzanga ku Madisi, ndinawerenga kuti kafumbi kachikasu ka pangayaye ndi mungu, ndipo ndevu iliyonse iyenera kulandira wake kuti mkatimo mubadwe njere imodzi. Fodya timamulimira masamba, koma chimanga timafuna ana ake. Ndinatseka bukulo n'kudzitukwana pang'ono.

Lero ndimadziwa kuti kuona anthu akuchita chinthu si kudziwa chifukwa chake, ndipo kufunsa kukanangonditengera ulendo wochoka kudimba kufika kunyumba. Mayi sanandimenye. Chaka chilichonse, potsegula paketi ya mbewu yogula, ankangondiyang'ana. Bola akanandimenya.