Mtondo Panjira ya Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene amayi anga anayamba kuyenda pabwalo atadzimanga duku kumaso. Tinkakhala ku Lufita, kufupi ndi Boma la Chitipa, awiriwiri basi. Kwathu kwenikweni ndi ku Dedza. Bambo anabwera kuno pantchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo atamwalira amayi anakana kubwerera, ati makasitomala awo ali konkuno. Anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pamsika, ndipo mayunifolomu ambiri a pasukulu pathu anadutsa m'manja mwawo.

Amayi anali ndi diso limodzi. Lakumanzere linafa akadali mtsikana, kamtengo katawalasa akutola nkhuni. Lakumanja ndi limene linkatidyetsa. Ndiye taganizani, diso lomwelo n'kuyamba kuchita ng'ala. Poyamba ankangondiitana kuti ndiwalowetsere ulusi pasingano. Kenaka anayamba kusokera ulusi wabuluu pansalu yakuda osazindikira. Tsiku lina anapatsa moni thumba la makala limene wina anaimika m'mbali mwa msewu, n'kuima kudikira kuti liyankhe. Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Dokotala wa maso atabwera pachipatala, tinapita limodzi. Anawaunika nthawi yaitali, kenaka anazimitsa katochi kake n'kukhala pansi.

"Mayi, ng'ala timachotsa tsiku ndi tsiku, si nkhani," anatero dokotalayo. "Koma diso lanuli lili ndi vuto lina mkati, lakalekale. Tikalichita opaleshoni likhoza kuona bwinobwino, likhozanso kuzimiratu tsiku lomwelo. Tikalisiya, lizizima lokha pang'onopang'ono. Sindingakunamizeni."

"Nanga mukanakhala inu?" amayi anafunsa.

"Diso ndi lanu, mayi."

Anawapatsa pepala loti asaine ngati avomera, n'kunena kuti galimoto yotenga odwala maso kupita nawo ku Mzuzu ibwera pakatha masabata atatu.

Masabata atatu amenewo, abale! Inali nyengo yozizira, mphepo ikutsika ku mapiri a Mafinga ndi fumbi lake lolowa m'mano, ndipo amayi analibe pokhazikika. Ankasesa bwalo, n'kuimika tsache, n'kulitenganso kusesa pomwe asesa kale. Ankasoka mpendero wa siketi ya mwini n'kuusomolanso popanda chifukwa. Pepala lija linagona m'Baibulo, mawa lake pansi pa matiresi, mkuja m'kabati ka makina, kenaka m'Baibulo momwemo. M'mawa ankati, "Ndipita." Pofika masana, "Ndisapite kaye." Tiyi ankazizirira m'kapu ali chigwirire. Ankadzinena okha kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma kusankha phanga limodzi ndiye kunkawakanika.

Aliyense wobwera ndi nsalu ankamufunsa maganizo, ndipo panalibe wosowa nkhani. Wina anati amalume ake a ku Nthalire anachitidwa opaleshoni yomweyo, pano amatola singano mumchenga. Wina anati diso amalitulutsa n'kuliika m'mbale, n'kumalitsuka iwe uli gone. Koma amene mawu awo anandilowa m'mafupa anali a Nalungwe, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, amene ankagulitsa nyemba pamsika. Chichewa chawo chinkayenda ndi Chitumbuka m'kati.

"Yayi mwe, anyina Tiya!" anatero a Nalungwe, atagwira chibwano. "Diso limodzi pera, mukalipereke ku mpeni? Kochepa komwe mukuonako sungani. Chiuta yekha ndiye dokotala."

Tiya ndi ine, Tiyamike. Ndinali pomwepo ndikupinda nsalu, ndipo mumtima ndinati a Nalungwe anena zoona. Kuyambira tsiku limenelo mbale ija sinachoke m'mutu mwanga. M'kalasi aphunzitsi akamalemba pabolodi ine ndinkaona mbale. Zikhadabo ndinazitafuna mpaka zinatuluka magazi. Ndipo ndinene chilungamo, popeza ndakula: sindinkaopera amayi okha. Ndinkadziopera ndekha. Pamsika pankabwera bambo wina wosaona, akukokedwa pandodo ndi kamtsikana ka msinkhu wanga kamene sikanapondepo m'kalasi. Ndikakaona kamtsikana kaja, thupi lonse linkachita tsembwe.

M'sabata yachiwiri, m'mawa wina ndikuchokera kumjigo, ndinapeza amayi ataima pakhomo, duku lawo lofiirira atalimanga kumaso, manja ali kutsogolo.

"Amayi, mukutani?"

"Ndikuphunzira. Patuka."

Ananyamula phazi n'kuyamba kuwerenga monga ankawerengera mainchesi a nsalu: wani, thuu, fili. Anagunda ndowa, madzi n'kutayika. Anabwerera pakhomo n'kuyambiranso. Zinakhala choncho m'mawa uliwonse akatha kusesa. Kuchokera pakhomo kufika kukhitchini anapeza mapazi khumi ndi anayi, fotini monga ankanenera iwo. Kenaka anaphunzira njira ya kuthandala la mbale, ya kuchimbudzi, ya kukachipata ka mpanda. Ana a m'mudzi ankasuzumira m'mipata ya mpanda akuseka, ine manyazi ali thoo. A Nalungwe anati uku ndi kudziitanira tsoka.

Chimene chinandiopsa kwambiri chinali chakuti ankakhoza. Pofika tsiku lachinayi sankagundanso kanthu. Ankatsuka mbale ali chimangire, n'kuzisanja pathandala zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha. Tiyi anayamba kumwa akadali wotentha. Pepala lija linasiya kuyendayenda, linangokhala m'Baibulo. Ndinali mwana, koma sindinali chitsiru. Ndinadziwa kuti munthu uyu akukonzekera kukwera galimoto ija.

Apa m'pamene ndinaganiza nzeru yanga yopusa. Ndinati akuona ngati mdima ndi masewera chifukwa pabwalo paphweka. Akangolawa kuipa kwake, akana opaleshoni, tisunga kochepa kaja monga ananenera a Nalungwe.

Loweruka m'mawa, amayi ali m'nyumba kumanga duku lawo, ndinagubuduza mtondo wathu kuchokera kuseri kwa khitchini. Unali mtondo waukulu, wolemera, woti ndekha sindikanaunyamula. Ndinaugoneka chopingasa pakati pa njira yawo. Kenaka ndinakaima pathandala ndi mbale m'manja ngati ndikutsuka.

Anatuluka. Wani, thuu, fili. Ankayenda mwachangu tsiku limenelo, manja ali m'mbali, ngati munthu woona. Atafika pa seveni ndinafuna kukuwa. Sindinakuwe. Eyiti. Naini.

Phokoso lake ndimalimva mpaka lero. Msongolo unagunda mtondo kuti gu, ndipo amayi anagwa chafufumimba, thupi lonse, opanda pogwira. Nkhope yawo inafikira pafupi ndi mwala umene tinkanolerapo mipeni. Pakati pa mwalawo ndi diso lija, diso limene ndinkati ndikuliteteza, panangotsala mpata wa chikhatho changa. Mbale inandipulumuka.

Anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala pansi. Duku sanamasule. Magazi ankatsika pamwendo kulowa m'patapata. Anapapasa ndi manja mpaka anapeza chimene chawagwetsa, n'kuchisisita uku ndi uku.

"Mtondo wamera miyendo lero?" anafunsa. "Tiyamike, bwera kuno."

Akatchula dzina lonse ndinkadziwa kuti zavuta. Ndinapita nditakonzeka kukwapulidwa, ndipo ndinayamba kulira ndisanafike n'komwe.

"Sindikufuna mupite, amayi! Akakuzimitsani diso! Ndimafuna muone kuti mdima ndi woipa!"

"Iwe ukuyesa sindikudziwa?"

Anamasula duku lija, n'kuphethira kangapo. Ndinatseka maso kudikira mbama. M'malo mwa mbama ndinamva nsalu ikundizinga kumaso, mfundo ikumangidwa kunkhongo. Anandigwira m'mapewa, akutsimphina, n'kukandiimika pakhomo.

"Pita kukhitchini. Mtondo wako uudziwa pamene uli."

Duku linkanunkhira sopo ndi mafuta a makina. Kunali bii. Ndinaona ngati kutsogolo kwanga kuli dzenje lopanda malire. Ndinakoka phazi limodzi, kenaka linalo. Ndinagunda mtondo ndi chala, n'kuuzungulira ndikufwenthera. Ndiye pang'onopang'ono zinthu zinayamba kubwera. Dzuwa linkandiwomba tsaya lakumanja. Mphepo inkalira m'udzu wa mpanda kumanzere. Fungo la phulusa linkakula. Ndinatambasula dzanja, n'kukhudza mphuthu ya chitseko cha khitchini, yokhakhala, yomweyo ya masiku onse.

"Wafa?" amayi anafunsa ali kumbuyo kwanga.

"Ayi."

"Walira?"

"Pang'ono."

"Inenso ndinalira pang'ono tsiku loyamba."

Anandimasula, tinakhala pansi pakhomo pa khitchini, ndipo anandiuza mawu amene sindinawaiwale.

"Masiku onse aja ndimathawa chinthu chimene sindinachiyendepo. M'mutu mwangamu mdima unali waukulu ngati Mafinga. Nditauyenda ndapeza kuti kuchoka pakhomo kufika pano ndi fotini, kaya ukuona kaya sukuona. Ndi woipa, sindikukana. Koma ndingakhalemo. Tsopano ndikasaina, wasaina ndine. Ndikakana, wakana ndine. Osati mantha." Anapukuta mwendo ndi nsonga ya chitenje. "Ndipo iwe sukulu susiya. Ukuganiza kuti ndikudzigwetsa m'fumbi m'mawa uliwonse chifukwa cha ndani? Ine sindidzakokedwa pandodo ndi mwana wanga."

Ndinali ndisanauzepo munthu aliyense za kamtsikana ka pamsika kaja. Ndinalira kuposa mmene ndikanalirira ndi mkwapulo. Chilango changa chinali kutsuka bala lija ndi madzi amchere ndi kubwezera mtondo kumalo ake, ndekha.

Anasaina Lolemba, pepala ataliyala pamakina osokera, nkhope ataiyandikiza mpaka mphuno kukhudza cholembera. Musaganize kuti mantha anatha, ayi ndithu. Tsiku la ulendo anavala bulauzi chotembenuza, ndipo kuchimbudzi anapitako katatu galimoto isanafike. A Nalungwe anabwera ndi mbatata yootcha ya kamba wa panjira, akupukusabe mutu, akuti, "Yayi, mtima wanu ngwa mwala." Koma ndi iwo amene ananyamula chikwama mpaka pagalimoto, ndipo ndi kwa iwo kumene ndinatsala.

Anakhalako masiku asanu ndi anayi. Foni tinalibe, ndipo msewu wodzera ku Karonga nthawi imeneyo unali woti galimoto ikanyamuka, tsiku lofika amadziwa ndi Mulungu. Galimoto iliyonse ikalira kumsewu ndinkathamangira kumpanda. Chokhacho chimene chinkandikhazika mtima pansi chinali tsache. M'mawa ndisanapite kusukulu ndinkasesa njira ya pakhomo kufika kukhitchini. Ndikaweruka ndinkasesanso, n'kutola kamwala kalikonse, n'kuzula kaudzu kalikonse. Mwala wonolera mipeni ndinakautaya kudzala. Ndinkati ngati abwere ali mumdima, asadzapunthwenso pa kanthu.

Anafika masana a tsiku lachisanu ndi chinayi. Ndinawaona ataima pakachipata, atavala magalasi akuda bii, chikwama chili m'manja. Sankasuntha. Inenso ndinaima pomwepo. Ndinkayang'ana milomo yawo kuti ndione ngati iyambe kuwerenga. Anaweramitsa mutu, n'kukhala choncho nthawi imene kwa ine inali ngati chaka.

"Iwe Tiya," anatero, "njira iyi umasesa kapena umalima? Taona mmene yakumbikira!"

Ndinakuwa mpaka a Nalungwe anatulukira ndi chipande m'manja, kuyesa kwagwa maliro.

Diso lija linagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Linasoka madiresi a maukwati, linandiphunzitsa mpaka ndinakhala mphunzitsi, linaona ana anga awiri. Kenaka vuto lakale lija limene dokotala ananena linadzuka, ndipo mdima unabwera ndithu. Ndawapempha kambirimbiri kuti adzakhale nane kunyumba ya pasukulu. Amakana. Ati kumeneko mapazi ake sakuwadziwa.

Pano ndimamvetsa zimene sindinkamvetsa ndili pathandala paja. Ndinkati ndikuteteza diso la amayi, chikhalirecho ndinkafuna kuti mantha anga awasankhire. A Nalungwe ankawakonda, inenso ndinkawakonda, koma tonse tinkawaikira mitondo panjira. Amayi okha ndi amene anadziwa kuti munthu sasankha bwino akuthawa. Nanenso zikandithina, monga chaka chatha pamene madokotala anandipeza ndi chotupa chofunika mpeni, ndinasiya kufunsa aliyense wodutsa. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti zikavuta kwenikweni, m'mawa mwake ndidzadzuka bwanji, ana adzadya chiyani, ndidzaitana ndani. Mantha analipobe posaina, koma wosaina ndinali ine.

Loweruka lililonse ndimapita ku Lufita. Amayi akamva mawu anga pakachipata amatuluka okha, opanda ndodo, chipsera chija chikuonekabe pamsongolo. Kukhitchini tsopano amafika pa eyitini, poti miyendo yakalamba. Koma akafika pakati pa njira amaima, phazi lili m'mwamba, n'kutembenuzira nkhope kumene ndili.

"Tiya, wachotsa mtondo?"

"Ndinachotsa kalekale, amayi."

"Chabwino," amatero, n'kuponda.